Nyumba Zosanja: Yabwino Ndi Yakale Kapena Yatsopano?

Pali mkangano umene sukhalira kubuka anthu akakumana m'basi yochokera ku Limbe, kapena pamene mnyamata wafika kuchokera ku Joni, abale atamzinga kuti aŵasimbire za kumeneko. Mkangano wake ngwa nyumba zosanja, zazitali zija zimene munthu amachita kupinda khosi kuti aone denga lake. Ena amati amisiri akale ndiwo ankadziŵa kumanga, ndipo kuti nyumba za masiku ano nzamagalasi chabe, zokongola lero koma zosakhalitsa. Ena amati nyumba zakalezo nzamdima ndi zosaoneka bwino, ngati nkhokwe za simenti, ndipo kuti dziko lofuna kutukuka liyenera kuzigwetsa nkumanga zatsopano. Amakangana chotere mpaka kutopa, aliyense nachoka ali ndi maganizo ake omwe aja.

Mwina wina afunsa kuti: nanga ife a kuno ku Phalombe, kumene chachitali ndi phiri la Michesi ndi la Mulanje, nkhani imeneyi itikhudza bwanji? Itikhudza pa zifukwa ziŵiri. Choyamba, ana athu ambiri akugona kale m'nyumba zotere m'mizinda, makamaka ku Johannesburg. Chachiŵiri, malo akutichepera. Pa kalembera wa 1966 Amalaŵi tidangopitirira pang'ono 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tidapitirira 17.5 miliyoni. Boma la Phalombe lokha, limene lidapatuka ku Mulanje mu 1998, lidapezeka ndi anthu oposa 429,000, ndiye kuti anthu oposa 300 pa sikweya kilomita iliyonse. Anthu amaswana, koma nthaka siswana. Nyumba iliyonse imene timanga pa Boma kapena pa Migowi imadya munda wa chimanga kapena wa nandolo. Tsiku lidzafika pamene zidzukulu zathu zidzayenera kusankha pakati pa kumanga chokwera ndi kumanga pa munda wotsiriza. Nkwabwino tsono kuti tiyambe kulingalira lero, njerwa yoyamba isanaikidwe.

Timve mbali zonse ziŵiri

Okonda zakale ali ndi mboni zao. Amaloza Mandala House ku Blantyre, imene kampani ya African Lakes idamanga mu 1882 kuti muzikhala akuluakulu ake, ndipo ambiri amati ndiyo nyumba yosanja yoyamba m'dziko muno. Zaka zoposa 140 zapita, koma ikadali chiimire. Makoma ake ngochindikala, ndipo khonde lake lalikulu limatchinga dzuŵa ndi mvula, kotero kuti m'katimo mumazizira bwino popanda makina. Amalozanso Delamere House ndi Chayamba Building mumseu wa Victoria, Kang'ombe House ku Lilongwe, ndi Findeco House ya nsanjika 23 ku Lusaka, imene idamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Nyumba zimenezi, iwo amatero, zapirira mvula ndi dzuŵa kwa zaka makumimakumi, ndipo zikugwirabe ntchito.

Okonda zatsopano naonso sakamba zopanda pake. Nzeru za kamangidwe zidapita patsogolo. Lero amisiri amadziŵa bwino kuposa kale m'mene chivomezi chimagwedezera nyumba, m'mene utsi umayendera m'makwerero, ndi m'mene munthu woyenda pa njinga ya olumala angaloŵere pakhomo popanda kunyamulidwa ngati katundu. Nyumba zambiri zakale sizidaganizire zimenezi. Ndipo munthu akaona hotela yaitali ija ya ku Umodzi Park ku Lilongwe, kapena nyumba zamagalasi za ku Sandton, kumpoto kwa Johannesburg, mtima wake umakondwa, ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi ndi kukondwa kumeneko.

Komabe mbali iliyonse ili ndi chilema chake. Wotama zakale amaiŵala kuti nyumba zakale zimene akuziona lero ndi zokhazo zimene zidapulumuka. Zomangidwa mwachinyengo zidagwa kalekale kapena zidagumulidwa, ndipo sizingabwere kudzachita umboni. Akuluakulu a ku Blantyre akukumbukira nyenyezi yofiira ija imene, m'zaka za m'ma 1980, pa ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, inkapakidwa pa nyumba zakutha, kutanthauza kuti mwiniwake aigwetse kapena aimangenso. Nyumba zimenezo nazonso zidali zakale. Wotama zatsopano naye amaiŵala kuti nyumba yakeyo siidayesedwebe. Kuyamikira nyumba ya zaka zitatu kuli ngati kuyamikira mkamwini pa tsiku la ukwati: zoona zake zidzaoneka chaka cha njala.

Tizindikirenso kuti kuno ku Malaŵi nyumba zazitali pafupifupi zonse ndi maofesi ndi mahotela. Mafulati okhalamo mabanja, monga aja a bungwe la Malawi Housing Corporation limene lidakhazikitsidwa mu 1964, ngaafupi, a nsanjika zoŵerengeka. Mu ofesi munthu amatulukamo dzuŵa likapendeka, napita kwao. Koma m'nyumba yogona ndimo mumakulira mwana, mumadwalira nkhalamba, mumagwa maliro. Muyeso wa ofesi sungakhale muyeso wa nyumba yogona, ndipo nkhani yathu lero nja nyumba yogonayo.

Miyeso itatu ya mmisiri wa ku Roma

Vitruvius, mmisiri wa ku Roma amene adakhala ndi moyo pa nthaŵi ya mfumu Augustus, Khristu asanabadwe, adalemba buku la kamangidwe limene amisiri amaliŵerengabe mpaka lero. Iye adaphunzitsa kuti nyumba iyenera kukhala ndi zinthu zitatu: kulimba, kuthandiza okhalamo, ndi kukongola. Chiphunzitsochi nchachidule, koma tikachisinkhasinkha tipeza chinthu chimene okangana aja sachiona. Zinthu zitatuzi saziweruza ndi munthu mmodzi, ndipo siziweruzidwa pa nthaŵi imodzi.

Kukongola kumaoneka pa kamphindi, ndipo aliyense wodutsa mumseu angathe kunenapo maganizo ake. Kuthandiza kwa nyumba amakudziŵa ndi amene wagonamo chaka chathunthu, amene waona m'mene imatenthera mu Okutobala, m'mene imadonthera mu Januwale, ndi m'mene imazizirira chiperoni chikafika mu Juni. Kulimba kwake kumadziŵika patapita mibadwo, mwinanso pa usiku umodzi wokha wa moto kapena wa chivomezi. Tsono mkangano wa zakale ndi zatsopano kaŵirikaŵiri umakhala wa anthu oima panja. Amaweruza gawo limodzi mwa magawo atatu, gawo losavuta kuliona, nayesa kuti aweruza nyumba yonse. Mfundo yanga ndi iyi: woyenera kufunsidwa poyamba za ubwino wa nyumba yosanja ndi amene amagonamo, ndipo mwa ogonamowo tiyambe ndi wofooka koposa, monga agogo a pa nsanjika yapamwamba, mai woyembekezera, ndi mwana wongoyamba kuyenda. Nyumba imene iŵakomera ameneŵa njabwino, kaya idamangidwa liti. Mbiri ya nyumba zitatu za kunja itithandiza kuyesa mfundo imeneyi.

Nyumba zitatu

Yoyamba ndi Ponte City ya ku Johannesburg, pafupi ndi Hillbrow, imene aliyense amene adapitako ku Joni amaidziŵa. Idatsegulidwa mu 1975. Ili ndi nsanjika 54, msinkhu wake ndi mamita 173, ndipo kwa zaka zambiri idali nyumba yogona yaitali koposa mu Africa muno. Njozungulira ngati nkhokwe, ndipo pakati pake adasiya pobooka kuyambira pansi mpaka kumwamba, kuti kuŵala kuziloŵa kuchokera mbali zonse ziŵiri. Itangomangidwa, pa nthaŵi ya tsankho ija, munkakhala azungu opeza bwino, ndipo anthu ankaitama kwambiri. Pofika zaka za m'ma 1990, olemera adali atasamukira kwina, chisamaliro chidatha, zikepe zokweza anthu zidayamba kufa, ndipo pobooka paja padasanduka dzala, zinyalala zitaunjikana kufika nsanjika zingapo. Mu 1998 ena adafika poganiza zoisandutsa ndende. Pambuyo pake idakonzedwanso: zinyalala zidachotsedwa, zikepe zidayambanso kuyenda, alonda adaikidwa pachipata, ndipo mudadzazanso mabanja, ambiri mwa iwo ochokera ku maiko ena a mu Africa. Simenti yake ndi yomwe ija ya 1975. Anthu adaitama, adaitemberera, adaiyamikiranso, koma mmisiri sadabwere kudzasintha pulani. Chimene chinkasintha ndi chisamaliro.

Yachiŵiri ndi Grenfell Tower ya ku London, ya nsanjika 24, imene idamalizidwa mu 1974 kuti muzikhala anthu wamba. Mu 2015 ndi 2016 adaiveka chovala chatsopano kunja, cha malata opyapyala a aluminiyamu okhala ndi pulasitiki pakati pake, kuti izifunda bwino ndiponso kuti izioneka yamakono. Wodutsa mumseu akadati nyumba yakale ija yasanduka yatsopano. Pa 14 Juni 2017, usiku, firiji idayaka m'fulati ina pa nsanjika yachinai. M'nyumba ya konkire moto wotere umayenera kuthera m'fulati imodzi, ozimitsa moto nauzima. Koma uwu udatulukira pa zenera nugwira chovala chatsopano chija, ndipo lisanathe theka la ola udali utafika pamwamba penipeni. Makwerero adali amodzi okha. Anthu 72 adafa. Okhalamo adali atadandaula kale kangapo za chiopsezo cha moto, koma sadamvedwe. Ndipo bungwe lofufuza, potulutsa lipoti lake lomaliza mu Sepitembala 2024, lidapeza kuti imfa zonsezo zikadatha kupeŵeka. Makolo athu adaneneratu kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yachitatu njoŵaŵa kuikamba, chifukwa mudafera abale athu. Ndi nyumba ya Usindiso, ya nsanjika zisanu, mumseu wa Albert ku Marshalltown, pakati pa mzinda wa Johannesburg. Idamangidwa m'zaka za m'ma 1950 ngati ofesi ya ziphaso zija zimene anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nazo. Pambuyo pake idakhala malo othaŵirako amai ndi ana ozunzidwa, kenaka idalekereredwa, ndipo anthu ena adailanda nayamba kulipiritsa lendi amphaŵi. M'katimo adagaŵa tizipinda ndi matabwa ndi zina zosachedwa kuyaka, ndipo njira zothaŵira zidatsekeka. Pa 31 Ogasiti 2023, usiku, mudabuka moto umene udapha anthu 76, ndipo pakati pao padali Amalaŵi ambiri. Bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi woweruza Sisi Khampepe, lidapeza mu 2024 kuti akuluakulu a mzindawo, amene adali eni nyumbayo, ankadziŵa za vutoli kwa zaka zingapo koma sadachite zoyenera.

Nyumba imodzi idaipa nikomanso osasintha pulani. Ina idapha anthu ndi chinthu chomwe chidaikongoletsa. Ina idapha anthu chifukwa idalekereredwa. Pa zonse zitatuzi chaka chomangira sichitiuza kanthu, ndipo pa zonse zitatuzi ogonamo ankadziŵa zoona zake kale, odutsa mumseu asanazidziŵe.

Kodi mlandu ngwa mmisiri?

Apa munthu wanzeru angatsutse, nati: zonse mwakambazi nza eni nyumba ndi akhonsolo, mmisiri akajambula pulani yabwino ntchito yake yatha, ndipo sangaimbidwe mlandu ngati ena alekerera zikepe. Mau ameneŵa ali ndi choona chake, pakuti palibe nyumba, ngakhale ya udzu, imene ingakhalitse popanda kufoleredwanso. Koma taonani kusiyana kwake. Nyumba yapansi mwini wake amaikonza yekha: amakwera padenga, amamata ming'alu, amazira pansi. Nyumba ya nsanjika 20 palibe banja limene lingaikonze lokha. Moyo wake umadalira chikepe, pampu yokweza madzi, thanki yapadenga, mapaipi a zonyansa ndi galimoto yozimitsa moto, ndipo zonsezi zimafuna ndalama mwezi ndi mwezi kwa zaka 50 kapena kupitirira. Apa mpamene mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga umakwanira kwenikweni. Womanga nyumba yotere amachita lonjezo m'malo mwa anthu amene sadabadwebe, lakuti iwo adzakwanitsa kuisamala. Mmisiri amene safunsa ngati lonjezolo nlotheka pamalopo sadatsirize ntchito yake, ngakhale chithunzi chake chikongole chotani.

Tiyese tsono ndi za kwathu kuno. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, gawo lalikulu la magetsi athu, kwa nthaŵi yoposa chaka. Madzi ambiri a mumzinda wa Blantyre amachita kupopedwa ndi magetsi kuchokera ku Walker's Ferry, kukwera mtunda wonse uja. Magetsi akazima, mipopi imauma. Nsanjika imodzi kutalika kwake ndi pafupifupi mamita atatu, ndipo chigubu cha madzi cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Mai wokhala pa nsanjika yakhumi, tsiku lopanda magetsi, adzakweza katundu ameneyo mamita pafupifupi 30, mwana ali kumsana, ndipo chigubu chimodzi sichikwanira banja pa tsiku. Agogo odwala miyendo sadzatsika konse. Adzakhala m'ndende ya mazenera okongola. Nyumba yomweyo, itamangidwa kumene magetsi sazimazima, ingakhale yabwino; kuno ingasanduke yankhanza. Chimodzimodzinso khoma la magalasi okhaokha, limene ku maiko ozizira limakokera dzuŵa m'nyumba, m'chigwa cha Phalombe mu Novembala lingasandutse chipinda kukhala uvuni, pokhapokha mwini wake akhale ndi ndalama zolipirira makina oziziritsa. Pa mfundo imeneyi khonde la Mandala, la 1882, lili ndi nzeru kuposa magalasi ambiri a lero.

Mudzi woimirira

Palinso china chimene mapulani ochokera kunja sachidziŵa, ndicho m'mene ife timakhalira. Moyo wa banja lachimalaŵi umachitikira panja kuposa m'nyumba. Pa khonde mpamene timalandirira alendo. Pabwalo mpamene ana amaseŵerera, maso a anansi ali pa iwo. Kuseli nkumene kumakhala mbaula, mtondo ndi chingwe choyanikapo zovala. Mabanja ambiri, ngakhale a m'tauni, amaphikabe ndi makala, ndipo mbaula yoyaka m'chipinda chotseka imapha mwakachetechete. Nanga munthu asinja bwanji mumtondo pamwamba pa mutu wa mnzake? Nanga maliro akagwa pa nsanjika yachisanu ndi chiŵiri, siwa ikhala kuti, ogona pamaliro akoleza moto pati, ndipo bokosi litsika bwanji ngati makwerero ngopapatiza? Mafunso ameneŵa angaoneke achimidzi kwa wojambula mapulani, koma ndiwo amayesa luso lake, pakuti nyumba imamangidwira moyo umene anthu ali nao.

Amisiri ena otchuka adalizindikira vuto lotere. Le Corbusier, pomanga nyumba yotchedwa Unité d'Habitation ku Marseille, m'dziko la France, imene idatha mu 1952, adayesa kuika mudzi wonse m'nyumba imodzi: mafulati 337, mseu wa masitolo m'kati momwemo, ndi malo oseŵerera ana padenga. Ambiri adatengera msinkhu wake nasiya mtima wake. Ku St. Louis, m'dziko la America, boma lidamanga nyumba 33 za nsanjika 11 iliyonse, zotchedwa Pruitt-Igoe, chapakati pa zaka za m'ma 1950. Zikepe zake zinkaima pa nsanjika zina zokha, ndipo ndalama zokonzera nyumbazo zinkachokera ku lendi ya amphaŵi okhalamo, imene sinkakwanira. Mu 1972, zisanakwane ndi zaka 20 zomwe, adayamba kuzigwetsa ndi zophulitsira miyala. Nyumba za ku Marseille ndi za ku St. Louis nza nyengo imodzi ndiponso za maganizo ofanana. Koma ya ku Marseille anthu akukhalamobe, ndipo mu 2016 bungwe la UNESCO lidailemba m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi, pamene malo a Pruitt-Igoe adamera thengo.

Tisaiŵale kuti ogonamo naonso ali ndi udindo wao. Kumudzi aliyense amadziŵa polekeza bwalo lake, ndipo amasesa mpaka pamenepo. M'nyumba yosanja makwerero nga onse, ndipo chinthu cha onse sichichedwa kusanduka chopanda mwini. Amene ataya makoko a chinangwa pa zenera, amene aunjika matumba a makala panjira yothaŵira, amene akana kusonkha ndalama ya babu ya m'makwerero chifukwa iye amakhala pansi, ameneyo akugumula nyumba monga m'mene amachitira chiswe. Nyumba yosanja ndi mudzi woimirira, ndipo mudzi wopanda mfumu, wopanda bwalo la milandu ndi wopanda kumverana sukhalitsa, kaya ukhale wogona kapena woimirira.

Nthaka ya kwathu

Ife a ku Phalombe tili ndi phunziro lina limene sitidaliŵerenge m'buku. Mu Malichi 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi, miyala ikuluikulu ndi matope zidakokolola nyumba ndi minda, ndipo anthu mazanamazana adafa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adachitanso zomwezo kuno, ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi ku Chilobwe m'tsinde mwa phiri la Soche, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusoŵa. Madzi saiŵala khwaŵa. Funso loyamba la kamangidwe kuno nlakuti nyumba iime pati. La msinkhu limabwera pambuyo. Tikumbukirenso kuti dziko lathu lili m'chigwa cha zivomezi: ku Salima kudagwedezeka mu 1989, ndipo ku Karonga mu Disembala 2009. Nyumba yosanja yomangidwa ndi simenti yochepekera ndi zitsulo zoonda imangodikira tsiku lake, ndipo ikagwa siigwera banja limodzi.

Komabe pomwepa mpamene ofuna kumanga chokwera ali ndi mfundo yao yamphamvu koposa. Ku madera otsika a kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene madzi amasefukira koma miyala ya kuphiri sifika, nyumba yolimba ya nsanjika ziŵiri kapena zitatu ingapulumutse anthu pamodzi ndi chimanga chao. Ndiponso mabanja 12 okhala m'nyumba imodzi ya nsanjika zitatu amasiya malo aakulu olimapo, kusiyana ndi kuti aliyense amange yakeyake. Pakati pa nyumba yapansi ndi nsanja ya mamita 173 pali mpata waukulu. Nyumba ya nsanjika zitatu kapena zinai munthu angathe kuikwera ndi miyendo yake. Nsanjika yapansi nkusungira okalamba ndi olumala, makonde nkuŵakulitsa, makwerero nkuika aŵiri, pakati nkusiya bwalo lokhala ndi mtengo wa mango ndi khitchini yapanja. Nyumba yotere mwina siidzajambulidwa pa kalendala, koma mai ali pa khonde lapamwamba angathe kuitana mwana wake amene ali pabwalo, mwanayo namumva.

Nanga kukongola?

Wina asaganize kuti kukongola tikukutaya. Wodutsa mumseu naye ali ndi ufulu wake, chifukwa nyumba yaitali imaonedwa ndi anthu zikwizikwi amene sadaisankhe. Buku loipa ungathe kulitseka, koma nyumba yoipa udzaiona tsiku ndi tsiku moyo wako wonse. Mmphaŵi naye amafuna zokongola: nchifukwa chake mai wa kumudzi amakongoletsa khoma lake ndi dothi lamitundumitundu nabzala maluŵa pakhomo. Kumangira anthu osauka mabokosi onyansa, poganiza kuti ndi zimene ziŵayenera, nkuŵanyoza. Koma kukongola kokhalitsa kumachokera m'kati. Khonde la Mandala nlokongola chifukwa limagwira ntchito; lidaikidwa kuti lipereke mthunzi, ndipo kukongola kudadza motsatira mthunziwo. Chovala cha Grenfell chidali kukongola kochita kupachika kunja, ndipo tikudziŵa chimene chidabala.

Nkhani ya nsanja ya Babele, m'mutu 11 wa buku la Genesis, imanena za anthu amene adaotcha njerwa kuti amange chofika kumwamba, cholinga chao chili chodzipangira dzina. M'nkhani yonseyo simumveka za munthu amene nsanjayo ikadamthandiza. Chiyeso chimenechi sichidathe. Nyumba zambiri zazitali, zakale ndi zatsopano zomwe, zidamangidwa kuti utchuke mzinda, kapena kampani, kapena mtsogoleri, ndipo ogonamo adaganiziridwa pomalizira. Nyumba zoterezi ndizo zimakalamba moipa, chifukwa riboni ikadulidwa ndipo dzina likapezeka, palibenso amene amakumbukira kuti chikepe chimafuna mafuta ndi mmisiri wochiyang'anira.

Tsono, aŵerengi okondedwa, tsiku limene munthu wandalama kapena boma lidzabwere ndi chithunzi cha nyumba yosanja ku khonsolo ya Phalombe, ife makolo, mafumu ndi makhansala tidzafuna kuomba m'manja chifukwa cha maonekedwe ake. Tisadzafulumire. Tidzayambe tafunsa kuti napolo adadutsa pati. Kuti magetsi akazima madzi adzafika bwanji pamwamba. Kuti moto ukabuka makwerero achiŵiri ali kuti. Kuti ana adzaseŵera pati. Kuti patapita zaka 30 adzalipira zokonza ndani, ndipo ndalamazo zidzasungidwa kuti. Mmisiri weniweni sakwiya ndi mafunso otere, chifukwa amakhala atadzifunsa kale. Ndipo tikamva za moto wa ku Marshalltown tisamayese kuti nza kutali, pakuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Inu amene muli ndi mwana ku Joni, pomuimbira foni sabata ino musangomufunsa za ntchito ndi za ndalama zimene atumize. Mufunsenso kuti m'nyumba imene amagona muli makomo angati otulukira, ndiponso ngati usiku makomowo amatsekulika.